Anafufuta Kanayi

Kunyumba onse ankamuitana kuti Mzime chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo ngakhale anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, achimwene ake ankamulondabe ngati kamwana kongophunzira kuyenda. Koma tisawanene msanga achimwene amenewa. Bambo atamwalira, iwo ndi amene anatsala ndi alongo awiri m'manja. Wamkulu uja anachita chibwenzi cham'seri ndi mnyamata wa pakamwa pozuna amene panalibe wodziwa kwawo, ndipo mimba itayamba kuoneka mnyamatayo anangozimiririka. Achimwene anakatula mlongo wawoyo kwa amayi kumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo anabwerako maso ali gwa, ndi lamulo limodzi.

"Ndikadzangomva kuti uli ndi mwamuna wam'seri, Mzime, sitidzakambirana zambiri. Udzakwera basi yomwe ija kupita kwa amayi. Wofuna iwe abwere pakhomo pano dzuwa likuwala, ndimuone nkhope."

Sikunali kuopseza chabe. Lamlungu lililonse ankakhala pampando wawo wa pakhonde ndi foni ya Mzime m'manja, akuyendetsa chala pang'onopang'ono, uthenga umodziumodzi. Mzime ankang'ung'udza, koma mumtima ankawakonda kwambiri, pakuti ndi iwo omwewo amene anamulembetsa maphunziro a kompyuta kuti asakalambire pa tsitsi la anthu. M'mawa ankathandiza alamu ake kuluka makasitomala. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu masana ankakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya nsapato, kumene kunali kalasi. Achimwene, dalaivala wa lole, ankaganiza kuti kumalo kumene anthu amangoyang'anitsitsa makina kulibe ngozi ya amuna. Anaiwala kuti mipando ya kumeneko imakhala yoyandikana.

* * *

Sabata yachinayi aphunzitsi, mayi wamfupi wovala magalasi a chingwe, anagawa ophunzira awiriawiri. Mzime anagwera pa tebulo la nambala seveni ndi mnyamata wamtali wamanyazi amene kalasi yonse inkamutcha Wamagetsi, poti ankabwera atavala ovolosi ya kuntchito, m'thumba mukulira timisomali ndi tizidutswa ta mawaya.

"Mulemba kapulogalamu kobisa mawu," anatero aphunzitsi. "Chilembo chilichonse chizisuntha masitepe angapo kutsogolo. Mukasankha atatu, A akhala D, B akhala E. Nambala imeneyo ndiye kiyi wanu. Wolandira uthenga akabweza masitepe omwewo, mawu aja abwerera mmene analili."

Analemba MONI pa bolodi, ndipo pansi pake analemba PRQL.

"Chachiwiri, ntchito yanu muzisunga mu kaundula." Ankanena pulogalamu yotchedwa Git, imene imalemba chilichonse chimene munthu wasintha, dzina lake ndi nthawi yake, koma iwo ankangoti kaundula. "Mukasintha kanthu, kaya ndi kadontho kamodzi, sungani pomwepo. Musadikire kuti zichuluke."

Wamagetsi analemba mawu amenewo m'kope lake ndi kuwadula mzere kawiri. Anali munthu wa mtundu umenewo, wosasiya waya wopanda kapepala kolembapo kumene ukupita. Aphunzitsi akati sungani, iye ankasunga.

Kapulogalamu kaja kanawavuta masiku anayi. Zilembo za kumapeto zinkasefukira, Z akasuntha ankasanduka kachizindikiro kosadziwika. Wamagetsi anakanda m'mutu mpaka tsitsi kuimirira. Amene anapeza njira ndi Mzime.

"Ikafika kumapeto izibwereranso pa A," anatero. "Monga poluka paja, ukafika kukhosi umakayambanso pamphumi."

Anayesa, ndipo zinatheka. Wamagetsi anamuyang'ana nthawi yayitali kuposa mmene kapulogalamu ka mizere khumi ndi iwiri kamafunira, kenako anathawitsa maso nkuyamba kupukuta kiyibodi imene inali yoyera kale.

* * *

Chipinda cha makompyuta chinkakhala chotsegula tsiku lonse. Wamagetsi ankathawirako nthawi ya chakudya cha masana kukayeserera, pamene Mzime ankafika cha m'ma fili koloko. Lachitatu lina Mzime anatsegula fayilo yawo ya mayeso, mmene ankaikamo mawu oyesera kapulogalamu, ndipo anapezamo mzere watsopano: DHKFH. Anayesa kiyi wa atatu, sizinamveke. Anayang'ana nambala yolembedwa pakona ya tebulo lawo, nkuyesa seveni. Pagalasi panatuluka mawu amodzi: WADYA.

Anaseka yekha mpaka oyandikana naye anatembenuka. Anayankha mobisa momwemo kuti, "Ndadya, nanga iwe wadya mawaya angati?"

Ndi mmene zinayambira. Pafoni sankalemberana, poti foni inali ndi mlonda. Pamsewu sankayendera limodzi, poti lole ya achimwene inkatulukira paliponse. Chibwenzi chonse chinkakhala m'kafayilo kaja, m'zilembo zosokonekera zimene iwo ankakhulupirira kuti palibe wina pansi pano angazimve.

"Lero magetsi andigwira pang'ono," analemba Wamagetsi tsiku lina. "Ndimaganiza za munthu wina."

"Munthu winayo sakufuna maliro," anayankha Mzime. "Uziyang'ana zimene ukugwira."

Wamagetsi wa m'fayilo anali wolankhula, wanthabwala, wodziwa kutamanda ngakhale kamphuno ka munthu. Wamagetsi wa pampando ankangoti zikomo ndi pepani. Mzime anawakonda onse awiri, ndipo zimenezi anadziuza yekha mosabisa akuchapa mbale, kuti mtima wake wapita ndithu. Anamuuza mnyamatayo za mkulu wake, za basi ndi za lamulo la achimwene. Yankho limene analipeza atabweranso kukalasi linali nthabwala ya kukula kwa mikono ya madalaivala a lole.

Masabata asanu ndi limodzi anatha chomwecho, ndipo nthabwala zinayamba kumutopetsa. Mkazi sangaphike nthabwala. Lachitatu lina potuluka anamupeza pamasitepe, pamalo pokhota pamene a kumsewu sangaone.

"Kodi iwe, zimenezi zikupita kuti?"

"Ziti?"

"Usadzipusitse. Ukudziwa zimene ndikunena. Ine ndikuyenda pamoto tsiku lililonse chifukwa cha iwe."

Wamagetsi anatsegula pakamwa, natsekanso. Anayang'ana nsapato zake. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu ngakhale kunali kamphepo.

"Ndimaganiza," anatero pomaliza, "kuti kapulogalamu kathu kaja kazilandiranso manambala."

Mzime anamuyang'ana, natsika masitepe osatembenuka. Njira yonse ya kunyumba anali kudzitukwana. Anakumbukira mmene mkulu wake ankasekera yekha masiku aja, asanayambe kulira, ndipo anachita mantha kuti mwina matendawo ndi a m'banja.

* * *

M'kalasi munali mtsikana wina amene ankamaliza ntchito iliyonse anzake asanapeze poyambira, ndipo ankamutcha Namba Wani. Kuyambira tsiku loyamba lenileni iyeyu ankaika chikwama pampando wa pambali pake kusungira Wamagetsi, ndipo aphunzitsi atagawa anthu mwa njira yawo, anachotsa chikwamacho mwakachetechete. Anthu anaiwala, koma iye sanaiwale.

Lolemba, kalasi itatha, anamupeza Mzime pampopi wa m'khonde akusamba m'manja.

"Munthu winayo sakufuna maliro," anatero Namba Wani, akukonza ndolo yake pagalasi.

Madzi anapitiriza kuthira m'manja mwa Mzime.

"Wamva kuti zimenezo?"

"Sindinamve, mnzanga, ndinawerenga. Kaundula wa kalasi ndi wa tonse. Aphunzitsi ananena tsiku lotigawa lija kuti tiziona ntchito za anzathu kuti tiziphunzirirana, kaya inu munali kuti. Kiyi wanu munamulemba m'pulogalamu momwemo, mzere wachitatu, seveni woonekeratu. Ndipo ngakhale mukanamubisa, makiyi onse alipo makumi awiri ndi asanu basi. Ndikanawayesa onse tiyi wanga asanazizire."

"Ukufuna chiyani?"

"Ine? Palibe." Anatseka mpopi uja, poti mwini wake anali atauiwala. "Kungoti alamu ako ndi amene amandiluka tsitsi, ndipo achimwene ako ndimawapeza pakhonde. Ndinamva za mkulu wako. Umusiye mnyamata uja, Mzime. Kwanu sakulolani, ukungomutayira nthawi."

Anachoka nsapato zikugogoda. Mzime anathamangira m'chipinda chija. Wamagetsi anali atapita kale, monga ankachitira kuyambira tsiku la pamasitepe, kuthawa kalasi ikangotha. Mzime anatsegula foda yawo, nafufuta fayilo yonse ya mayeso, masabata asanu ndi limodzi a "wadya" ndi "wagona bwanji". Kenako anachita zimene anaphunzitsidwa: anasunga mu kaundula. Anayang'ananso mufoda, fayilo mulibe. Anapuma kwambiri, nadziuza kuti Namba Wani akanene zimene akufuna, umboni watha. Ankamva chisoni ndi mawu onse aja, koma madzulo amenewo anadya bwino.

* * *

Lachitatu mpando wa Wamagetsi unali wopanda munthu. Mufoda munali fayilo yatsopano ya mzere umodzi, imene anailemba masana omwewo. Mzime anaitanthauzira msangamsanga.

"Fayilo yathu yapita kuti? Wakwiya nane? Abwana anditenga kukakonza magetsi pa fakitale ina kutali, ndibwera Lolemba. Wadya?"

Asanaganize choyankha, bambo wina wachikulire wa pa tebulo lachiwiri anakweza dzanja akudandaula kuti wafufuta ntchito yake yonse mwangozi.

"Mwachita bwino," anatero aphunzitsi akumwetulira, "mwatipatsa phunziro la lero. Munasunga mu kaundula musanafufute?"

"Ndinasunga."

"Ndiye palibe chatayika."

Analumikiza kompyuta yawo ku makina oonetsera pakhoma. Panatuluka mndandanda wautali wa masiku ndi nthawi. Anasankha tsiku la dzulo lake, ndipo ntchito ya bamboyo inabwerera yonse, mpaka zolakwika zake. Kalasi inaombera m'manja, bamboyo anavula chipewa.

Mzime sanaombe nawo. Anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, nanga munthu atafufuta dala?"

"N'chimodzimodzi. Kaundula sadziwa za dala kapena zangozi. Kufufuta nakonso ndi kusintha, ndiye amangolemba kuti uje wachotsa chakuti pa nthawi yakuti, ndipo chochotsedwacho amachisunga. Ndi ntchito yake imeneyo. N'chifukwa chake timati musamaikemo chinsinsi, kaya ndi nambala ya ku banki kaya ndi chiyani. Chikangolowa, chalowa." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndipo kapulogalamu kathu kosuntha zilemboka ndi kophunzirira chabe, sikotsekera khomo."

Ophunzira ena anaseka osadziwa chimene akuseka. Kutsogolo, Namba Wani sanatembenuke.

* * *

Anthu atatuluka, Mzime anatsalira. Ankafuna aone ndi maso ake kukula kwa manyazi ake, adziwe zonse zimene munthu wina angawerenge. Anatsegula mndandanda wa tebulo la nambala seveni monga anaonera pakhoma. Fayilo ija inalipo yonse, mzere ndi mzere, ngati kuti sanaikhudze.

Akuyenda m'mndandandamo anaona kanthu kena. Wamagetsi, mwa chikhalidwe chake chija, ankalemba kamutu pa chilichonse chimene wasunga. Pena panali "ndawonjezera mzere", ndipo patangopita mphindi zochepa, "ndachotsa mzere". Zonsezi zinkachitika masana, iye Mzime asanafike. Anawerenga malo otere ndipo anapeza anayi.

Anatsegula oyamba, a sabata yachitatu ya kulemberana kwawo, tsiku limene iye anapeza nthabwala ya mikono ya madalaivala. Anakopera zilembo zosokonekerazo, naika seveni.

"Ndikufuna ndibwere kwa achimwene ako."

Mawu amenewo anakhala m'fayilo mphindi zitatu. Mwini wake anawasunga, kenako anawachotsa, nasunganso, chifukwa aphunzitsi anati ukasintha kanthu usunge. Pamalo pake ndi pamene anaikapo nthabwala ija.

Achiwiri anali a sabata yotsatira. "Ndagula malaya oyera oti ndidzavale pobwera kwanu. Ungondiuza tsiku." Amenewa analimba mphindi zisanu.

Achitatu anali a Lachinayi, mawa lake la tsiku la pamasitepe. "Unandifunsa dzulo. Yankho ndinali nalo koma pakamwa panauma. Ndikufuna ukhale mkazi wanga."

Mzime anagwira pakamwa. Anadikira kuti zilembo zisiye kusambira m'maso, natsegula omaliza, a Lachisanu.

"Ndikuopa. Pano ndimakuona katatu pa sabata. Ndikabwera kwanu nkundikana, akakutumiza kwa amayi, sindidzakuonanso ngakhale kamodzi. Sindikudziwa chochita."

Analira, ndipo sanadziletse. Analira chifukwa cha chimwemwe, analiranso chifukwa chomumvera chisoni munthu wamtali uja, atakhala yekha pampando womwewo ndi ovolosi yake, akulemba nkufufuta. Masiku onse amene iye ankadziona ngati chitsiru, malaya oyera anali atapachikidwa penapake akudikira. Anafuna kumukumbatira, anafunanso kumumenya ndi kiyibodi.

"Waziona?"

Anali Namba Wani, ataima pakhomo ndi chikwama paphewa. Nkhope yake sinali ya munthu wopambana.

"Ine ndinaziona Lachisanu," anapitiriza. "Ndinaziwerenga kangapo. Ine palibe amene anandilemberapo mawu otero, ngakhale oti afufute."

Mzime anapukuta misozi. Kwa kanthawi anamumvera chisoni mtsikanayo, ndipo anatsala pang'ono kumuuza choncho.

"Ndinasindikiza zonse dzulo," anatero Namba Wani akuyang'ana pansi. "Ndinali nditapsa mtima. Envelopu ndinaisiya kwanu masana ano, iwe utanyamuka kale kukagula ulusi wa tsitsi pobwera kuno. Ndili m'njira ndinabwerera kuti ndikaitenge, koma ndinapeza achimwene ako ataitsegula kale."

* * *

Lole inali itaima pageti dzuwa lisanalowe, chinthu chosachitika pakati pa sabata. Alamu anamuchingamira pakhomo la kukhitchini, namugwira dzanja.

"Usayankhe mwamwano," ananong'ona. "Sanadye chilichonse chibwerereni."

Achimwene anali pa tebulo la pabalaza. Mapepala anali atawayala bwinobwino, motsatana masiku. Namba Wani sankachita zinthu mwatheka: kumanzere anaika zilembo zobisika, kumanja tanthauzo lake, ndi tsiku ndi ola.

"Khala pansi, Mzime."

Anakhala kumphepete kwa mpando. Akanakonda akanamukalipira, koma mawu awo anali otsika, otopa.

"Lamlungu lililonse ndimaona foni yako ndi kunena kuti mlongo wanga ndi wokhulupirika. Ndimagona tulo. Kani iwe unapeza njira yondidutsa, ndipo njirayo unakaiphunzira ku sukulu imene ndinakupititsa ine."

"Pepani, achimwene. Ndinalakwa kubisa. Ndinkaopa."

"Unkaopa ine?"

"Ndinkaopa basi ija."

Mzime anaona kuti mawuwo awalasa, ndipo analimba mtima. Anatambasula dzanja, nasankha pepala lomaliza.

"Koma taonani apa, achimwene. Si munthu wongosewera nane. Akufuna kubwera kwa inu. Analemba yekha, mpaka malaya anagula. Inenso ndaziona lero lomwe."

"Ndawerenga." Anatenga pepalalo, naliika pakati pa tebulo, nagogoda ndi chala. "Ndawerenganso ndi izi za m'mbalizi. Mphindi zitatu, anachotsa. Mphindi zisanu, anachotsa. Kanayi konse. Za makompyuta sindizidziwa, koma mwamuna wolemba mawu nkuwafufuta ndimamudziwa. Uja wa mkulu wako nayenso ankati abwera. Anatchula ndi tsiku lomwe. Ndinakhala pakhonde paja kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nditavala jekete."

"Uyu si uja."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndi wamanyazi chabe. Akuopa kuti mumukana."

"Ndiye mantha ake akuposa iwe."

Mzime anafuna kufotokoza kuti munthu wonama safufuta, amatumiza, ndipo amatumiza zambiri zokoma. Koma mawu anatuluka oduka. Alamu, amene anali ataima pakhomo ndi nsalu yopukutira mbale, analowererapo mofatsa.

"Bambo a m'nyumba, inunso pobwera kwathu paja munabwerera pageti kawiri. Mng'ono wanga anakuonani."

Achimwene anawayang'ana akazi awo, ndevu zinagwedezeka pang'ono, koma sanaseke.

"Kachitatu ndinalowa," anatero. Anapukuta kumaso ndi dzanja lawo lalikulu, napuma. "Chabwino. Ine si chilombo, Mzime. Ndinanena kuti sitidzakambirana, koma ndiwe mwana wa amayi anga. Basi ya kwa amayi inyamuka Loweruka m'mawa. Mnyamata ameneyu akafika pakhomo pano isananyamuke, nkunena ndi pakamwa pake zimene wakhala akufufutazi, ine ndimvetsera. Akapanda kufika, ukwera. Kufikira tsikulo kukalasi supita, ndipo pageti sutuluka."

"Achimwene, sali kuno. Abwana ake amutenga kukagwira ntchito kutali. Abwera Lolemba."

"Lolemba." Anagwedeza mutu ngati munthu womva nyimbo imene anaimvapo kale. "Munthu wofuna mkazi amapempha tsiku limodzi kwa abwana. Palibe bwana wokana zimenezo. Muimbire."

Anatulutsa foni yawo m'thumba, naikankhira patsogolo pa Mzime.

"Muimbire pompano, ndili pano. Umuuze m'mawu omveka, osasuntha zilembo."

Mzime anatenga foniyo ali ndi chiyembekezo. Akangomva mawu ake, Wamagetsi abwera, zimenezo sankakayika. Anatsegula pamalo polemba nambala, chala chili m'mwamba. Chalacho chinakhala m'mwamba momwemo. Sanapatsanepo nambala. Anagwirizana choncho pachiyambi penipeni kuti foni ya Lamlungu izipezeka yoyera, ndipo ankadzitama kuti achenjera.

"Ukudikira chiyani?"

"Nambala yake ndilibe."

"Pamtima?"

Anapukusa mutu.

"Kumene amakhala ukudziwako? Ndipita ndi lole, ndikafunse kwa a pakhomo pake."

"Ayi."

"Kampani imene amagwirako? Dzina la abwana akewo?"

Mzime ankadziwa mmene mnyamatayo amakandira m'mutu zinthu zikamuvuta. Ankadziwa kuti sakonda tiyi wa shuga wambiri, kuti ali ndi chipsera pa chala cha mkombaphala, kuti amaopa agalu ndipo amamukonda iye. Zonsezo sizikanathandiza lole kupeza njira. Anabweza foni ija pa tebulo.

Achimwene sanakalipe. Anamuyang'ana ndi chisoni chimene chinamupweteka kuposa mbama. Kenako anasonkhanitsa mapepala aja limodzilimodzi, nawabwezera mu envelopu, natembenukira kwa akazi awo.

"Mutsitse sutikesi ili pamwamba pa wadirobu," anatero. "Muipukute fumbi."